Chitenje cha Phala

Mwana wathu woyamba anabadwa ine ndili ku usodzi pa chilumba cha Mbenji. Kumeneko akazi safikako, ndiye uthenga unabwera pa bwato la ufa. Pamene ndinkabwerera kumudzi, mwana anali atayamba kale phala.

Ndinatambasula manja. Anandiyang'ana, n'kukuwa ngati waona ng'ona.

"Akuzolowerani," anatero mayi ake. Sanandizolowere. Koma alamu anga, mlongo wa akazi anga, munthu wosadziwa n'kupalasa komwe, akangotulukira mwana ankaseka mpaka dovu chuchuchu.

"Alamu, musadandaule," ankatero. "Mwana amadziwa mtundu wake. Inu pano ndinu tambala wobwereka."

Zinkandiwawa, ndisaname. Mphuno yake ndi yangayi ndithu, koma ndikayandikira, misozi.

Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza. Amphaka a padoko amathamangira bwato lililonse. Kodi n'chikondi? Ayi, amadziwa kuti pagwa usipa. Nanga mwana wanga akuthamangira chiyani mwa alamu? Nkhope ayi, imeneyo ngakhale mayi awo ankaipirira.

Ndinaona. Panali chitenje chachikasu, chakutha, choyera m'mawondo. Mayi ake poyamwitsa ankafunda chimenecho. Alamu pomudyetsa phala ankayala chomwecho pamiyendo kuti asade. Mwana akachiona, pakamwa yasa.

M'mawa mwake ndinachimanga m'chiuno, sipuni kumanja. Mwana anakwawa yekha kudza kwa ine! Ndikavula, kulira. Ndikavala, kuseka. Basi ndinangoti ndizivala. Ukonde ndinkasoka nditavala, madzi ndinkamwa nditavala. Akazi anga ankaseka mpaka kugwira mtondo.

Tsiku lina anyamata achipani anafika kudzaona makadi. Anandipeza pakhonde, chitenje m'chiuno, phala m'ndevu.

"Bambo, chimenechi n'chiyani?"

"Chitenje, achimwene."

"Simukudziwa lamulo la zovala?"

"Ndinamva kuti akazi asavale buluku. Za ine sananene."

Anapita pambali kukanong'onezana. Mmodzi akuti n'kulakwa, wina akuti alakwira ndani. Alamu anali atalowa kale m'nkhokwe, ati kukaona chiswe.

Wamkulu wawo anabwera. "Imirirani tikuoneni bwino."

Ndinaimirira, mwana m'manja. Koma mfundo yanga inali ya msodzi wamanyazi, yongopisa. Chitenje chinagwa pansi, ine n'kutsala ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Anyamata aja anaphulika kuseka, khadi osaifunsanso.

Phokosolo linamuopsa mwana. Ndinati basi, chitenje chagwa, andikana pamaso pa anthu. Mayi ake anatambasula manja. Alamu anasuzumira ali m'nkhokwe muja, "Bwera kwa amalume!"

Mwana anayang'ana chitenje pansipo, anayang'ana onsewo, n'kundigwira ndevu ndi manja onse awiri, nkhope kubisa m'khosi mwanga.

Mpaka lero sindidziwa ngati ankagwira ine kapena phala linali m'ndevumo. Koma sindinasambe kumaso mpaka madzulo.