Apongozi Anga M'kanema wa Mbengali

M'zaka za Chitaganya ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Sinda, ndipo chikamwinicho chinali chitandifika m'khosi. Zaka zitatu ndikulima munda wa apongozi, kufolera nyumba yawo, kuluka nkhokwe. Amalume anali atapita kale kukandipemphera chitengwa kuti ndipite ndi mkazi wanga kwathu ku Vubwi, koma yankho linali lakuti, "Tikuwaonabe." Kundiona bwanji? Ine ndi apongozi aakazi sitinkaonana maso. Tikakumana m'njira, iwo ankapatukira kutchire uku, ine uko, moni n'kumaponyerana titafulatirana.

Masiku osalima ndinkapala matabwa ku Katete. Amene ankandipatsa ntchito kwambiri anali Mbengali wina wolemba zikwangwani za masitolo. Tonse tinkangoti mmwenye, koma iye ankakana kwamtuwagalu, ati kwawo n'kwina ndipo chinenero cha eni masitolo sachimva. Anali woonda ngati bango, utoto sunkachoka m'zikhadabo. Ankalembanso ndakatulo m'zilembo zakwawo, zolendewera kumzere ngati nyama yoyanika pachingwe, n'kumandiwerengera ine ndikupala, iye misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinkangoti, "Zoonadi, bwana," osatolapo kanthu.

Chilimwe china anatulukira kumudzi panjinga, atanyamula kamera yojambulira kanema, yochita kupukusa kiyi ngati wotchi. Ankafuna kujambula anthu awiri akukumana m'njira. Anatuma mkazi wanga kukaitana amayi ake, kuti angoyenda ndi dengu la mtedza pamutu. Ine anandiimika kumapeto kwina kwa njirayo.

"Iwe bwera uku, mama bwera uko," anatero m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Kumana pakati. Gwira chanza, yang'ana maso, seka!"

"Bwana, amenewo ndi apongozi anga."

"Yabwino kwambiri! Banja imodzi!"

Kumukanira mwini ntchito kunali kovuta, koma kugwira dzanja la apongozi kunali kukwirira chitengwa changa ndi manja anga. Kamera inayamba kulira, ine n'kuyamba kuyenda. Apongozi, amene sanauzidwe wokumana naye, atangozindikira kabudula wanga anakuwa, "Mayo ine!" n'kulowa kutchire. Nane ndinalumphira kwanga osayang'ana, ndipo ndinagwera m'chitedze chouma bwino.

Amene chitedze sichinamuyabwepo asandiseke. Ndinavula malaya, kudzikanda, kuvinavina, kudzikhula pamtengo ngati nkhumba. Mbengali ankangokuwa, "Bwerera! Njira ilibe munthu!" koma kamera sanaizimitse. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi chisoni, poganiza kuti mkamwini wovula malaya apongozi ali pafupi ndiye kuti wadziphera yekha.

Patapita miyezi iwiri filimu inabwera kuchokera kotsukitsa. Mbengali anaitana mudzi wonse kuchipinda chosungira katundu kuseri kwa sitolo ina ya ku Sinda, masanasana, mazenera atatseka ndi masaka. Apongozi anakhala kutsogolo, ine ndinabisala kuseri kwa mabelo a nsalu. Poyamba Mbengali anawerenga ndakatulo, n'kutimasulira kuti ikunena za njira yodikira anthu awiri osakumana. Palibe anaombera m'manja.

Kenako pansalu yoyera panatuluka nkhope yanga, yaikulu ngati lichero, ikuyang'ana apongozi m'maso mwenimweni. Iwo anafunda nsalu kumutu. Koma chithunzi sichidziwa kupatuka, chinangoti tong'oo. Ndinaona nsalu anafunda ija ikutseguka pang'ono, diso limodzi n'kusuzumira. Kenako njira yopanda munthu, kenako ine ndikumenyana ndi mtengo. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, ndipo apongozi anaseka mpaka kutsokomola. Mbengali yekha ndiye anali ndwii, poti iye ankati wajambula nkhani yachisoni.

Titatuluka, apongozi anandifulatira monga mwa masiku onse, n'kulankhula ndi mkazi wanga mokweza kuti ndimve.

"Kani nkhope yawo ndi ija? Zaka zitatu ine ndikungodziwa nkhongo. Iwe, kawauze amuna ako kuti munthu wosankha chitedze kusiyana ndi kundiyang'ana m'maso sangakuzunze. Akutenge."

Misozi inandilengeza. Ndinagwada, n'kuomba m'manja katatu mothokoza, nditayang'ana khoma la sitolo.