Jezi yanga m'bowo la mpweya

Sukulu ndinaisiyira Fomu 2 nditakankhana ndi mphunzitsi, ndipo mtima wapachala womwewo ndinakwera nawo ndege. Ku Leicester, ku England, anandilandira ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga, amene anagula kanyumba ku Beaumont Leys atasamalira okalamba kwa zaka zambiri. Ine ndinkanyamula njerwa ndi simenti kumene akumanga. Setifiketi ya umisiri ndinalibe, koma manja ndinali nawo.

Chisanu chikafika, mawondo a amayi ankaphwanya mpaka kulephera kukwera masitepe. Ndiye ndinatseka mpata uliwonse m'nyumbamo, pansi pa zitseko, m'mbali mwa mawindo, ngakhale kabowo ka kiyi. Amayi ankauza anzawo kutchalitchi kuti, "Mwana wangayu watseka nyumba ngati chitini cha nsomba." Ine ndinkamva kukoma.

Chaka chotsatira anafuna sitovu ya nkhuni pabalaza. Ndinati ndiika ndekha, iwo anakana. Lamulo la kuno limafuna kuti aike munthu wovomerezeka, apo ayi a khansolo abwere kudzaona ntchitoyo. Anaitana bambo wina wa ku Zambia amene tinkapemphera naye, ntchito yake ndi imeneyo.

Bamboyo atamaliza kulumikiza chumuni, anazungulira nyumba akugwiragwira m'mbali mwa zitseko.

"Anavala nyumba so ni ndani?" anafunsa m'chilankhulo chakwawo, kutanthauza amene anaitseka.

"Ndine," ndinatero, ndikudikira kuyamikiridwa.

"Wagwira nchito, mfana. Manje tizaboola khoma."

Ndinati munthu wamisala yekha ndi amene angaboole khoma ku England, mphepo yomwe ndathamangitsa ndi manja angawa iye akufuna kuiitananso?

"Moto upuma monga iwe," anayankha osakweza mawu. "Ukaumana mphepo, uzadonsa utsi kubwerera mu nyumba. Bowo ikhale yotseguka nthawi zonse. Popanda iyo sinisaina pepa."

Ndinamuuza kuti malamulo a azungu amuzunguza mutu, wayiwala kuti kwathu timasonkha moto popanda pepala. Ndinawonjeza mawu ena amene sindingawalembe pano. Amayi anangoti, "Iwe, awa ndi abambo ako. Tuluka kaye." Ndinamenyetsa chitseko. Pobwera ndinapeza bowo pakhoma kumbuyo kwa sofa, atalitchinga ndi kachitsulo ka mipatamipata, komanso alamu yochenjeza za mpweya woipa ataipachika pamwamba.

Ndinapirira sabata imodzi. Tsiku lina ndinaona amayi atafunditsa mapazi ndi chitenje chifukwa cha kamphepo kochokera kumbuyo kwa sofa. Atapita kuntchito ndinamasula kachitsulo kaja, ndinakanikiza m'bowomo jezi yanga yakale ya mpira, n'kubwezeretsa kachitsulo bwinobwino. Sindinauze munthu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinkadziwa. Mwana aliyense kwathu amadziwa kuti mbaula salowa nayo m'chipinda chotseka. Ku Ndirande ndinanyamulako maliro a mlonda amene anadzitsekera ndi mbaula mu Juni. Koma ndinadziuza kuti iyi si mbaula, ili ndi chumuni, ndi ya chizungu.

Amayi anayamba kudandaula mutu. Ankati mwina ndi BP, mwina ndi mashifiti. Ndinkawagulira mankhwala a mutu ndine.

Loweruka lina masana anasonkha moto, n'kupita kukhitchini kukakazinga nsomba, atayatsa fani yotulutsa fungo. Ine ndinali kunja ndikuwaza nkhuni. Ndinamva alamu ikulira. Nditalowa ndinapeza amayi atakhala pansi pafupi ndi sofa, atatsamira khoma, chipande chidakali m'manja.

"Miyendo yakana," anatero motsitsa. "Zimitsa nsombazo zingapserere."

Ndinawanyamula mpaka pakapinga, ndinatsegula zitseko ndi mawindo onse, ndinaimba foni kuitana ambulansi. Kuchipatala anawaika pa mpweya mpaka Lamlungu. Nesi atandifunsa ngati bowo la mpweya linali lotseguka, ndinati sindikudziwa. Nditabwerera kunyumba ndinaima kumbuyo kwa sofa nthawi yaitali, koma jezi ija sindinathe kuikhudza.

Lolemba bambo uja anabwera, nkhope itagwa, poganiza kuti cholakwa ndi ntchito yake. Anapepesa kwa amayi asanakhale n'komwe pansi. Anayeza chumuni, chinali bwino. Kenako anakankha sofa, anamasula kachitsulo, nasolola jezi yanga pang'onopang'ono, nambala 9 kumsana. Anatifotokozera kuti fani ya kukhitchini itasowa kokoka mpweya, inakoka woipa wa m'chumuni n'kuubwezera m'nyumba.

"Anaika ichi ni ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa, amayi anati, "Ndine, abambo. Mapazi ankazizira."

Bamboyo anayang'ana amayi, munthu amene sangagwade ngakhale kumanga nsapato, kenako anayang'ana ine. Anaika jezi ija pa sofa. Bola akanandimenya khofi. Ine amene ndimayankha munthu asanamalize kulankhula, ndinabisala kumbuyo kwa bodza la amayi, mpaka iye anayamba kulongedza zida zake.

"Si amayi," ndinatero ali pakhomo. "Ndine. Ndi zimene ndinakunenani tsiku lija, ndinalakwa."

"Nidziwa," anatero. Anandipatsa sikuludiraiva. "Bweza kachitsulo. Uonetsetse mphepo ingena."

Ndinagwada kumbuyo kwa sofa, mphepo yozizira ikundiwomba kumaso.

Amayi sanandikalipire mpaka lero, ndipo mayi anga kumudzi sanawauze. Ndinawagulira masokosi aubweya, n'kusuntha sofa kuti kamphepo kasawapeze. Jezi ija anaichapa, anaisita, n'kuiika pabedi panga. Ili m'kabati. Sindinaivalenso, komanso ndalephera kuitaya.