Mababu Achitatu a Che Useni

Mashileni asanu ndi anayi. Ndiwo mtengo umene Filimoni, makaniko wa ku Hartley, anatchula wa mababu awiri a mawati makumi anayi ndi asanu, oika mu nyali zapabampala za pikapu ya Che Useni. Aka kanali kachitatu m'chaka cha 1956 kusintha mababu a nyali zimenezi, ndipo ulendo uliwonse mkuluyu ankafuna owala kuposa akale.

Che Useni anachoka ku Fort Johnston wapansi, ndevu zisanamere. Anagwira ntchito pansi m'migodi yozungulira Gatooma mpaka mzungu wina anawaphunzitsa kuyendetsa lole yotuta nkhuni. Atasiya mgodi anagula pikapu yakale kwa mlimi amene ankasamuka, naiika nyali ziwiri zapadera zoonera maenje, zitsa ndi ng'ombe pa msewu wa ku Sanyati. Sankakhulupirira munthu. Batire ankaichotsa madzulo n'kukagona nayo m'nyumba ku Rimuka, lokeshoni ya ku Gatooma. Petulo ankayeza ndi kamtengo, wothirayo akuona. Tayala lililonse linali ndi chizindikiro chawo chocheka ndi mpeni.

Ine ndimaoda mchere, sopo, palafini ndi zidutswa za nsalu m'tauni, n'kukagulitsa ku Sanyati, ndipo pobwerera ndimatenga mtedza ndi nkhuku. Popanda pikapu imeneyi malonda anga ndi a thumba limodzi panjinga. Nawonso Che Useni popanda chiwongolero alibe pogwira. Munda alibe, ndipo kwawo amene ankawadziwa anatha kumwalira.

Ku Rimuka anthu ankanong'ona kuti nyalizo n'zosakira nyama m'mafamu a azungu. Akanagwidwa, galimoto ikanalandidwa pamodzi ndi katundu wanga. Tsiku lina m'mawa ndikukweza matumba ndinaona bampala yaphwanyika mbali imodzi, ubweya wotuwa utakanirira pa bawuti.

"Malume, nanga ubweyawu?"

"Ubweya ngwa nyama. Kweza mchere."

Choncho atanena za mababu achitatu ndinati ndipita nawo ku Hartley, ndikadzionere ndekha.

Tinanyamuka masana. Msewu wake ndi wa mizere iwiri ya phula, tayala lililonse mzere wake, pakati pali dothi. Che Useni ankangotsetsereka pamizereyo, galimoto n'kugudubuka m'miyala, iwo n'kuibweza mokalipa.

"Filimoni ameneyu wamasula china chake kunsiku," anatero. "Akufuna ndizibwerabwera."

Filimoni ndi wa ku Ncheu, munthu wa nthabwala, ndipo amakonzera magalimoto m'shedi yamalata kuseri kwa chigayo. Atationa anapukuta manja pa ovololo.

"Madala afika! Lero tikuikirani dzuwa lenileni. Koma dainamo yanu ilira, ndanena."

Ndinawerengera msanga. Mawati makumi asanu ndi anayi pa batire ya mavoti sikisi ndi maampu khumi ndi asanu, kupatula nyali zazikulu. Ndinati mawaya akalewo apsa, pakufunika onenepa ndi fyuzi yakeyake.

"Mwagwirizana liti awirinu?" anafunsa Che Useni.

"Ayi madala, mphwanuyu amadya manambala m'malo mwa sadza."

Analola mawayawo, koma makatoni a mababu anatsegula okha, ndipo babu lililonse analikanda ndi msomali kutsinde kuti lisasinthidwe. Filimoni anamasula magalasi a nyali, napukuta mbale zonyezimira zam'kati ndi kansalu kofewa, naika mababu, nakoka waya watsopano kufika pa switchi. Atamaliza anatseka chitseko cha shedi kuti mude, analiza injini, nayatsa.

Khoma lonse linayera mbuu. Ndinaona nyerere zikukwera mzati, ndi ulusi wa kangaude kudenga. Ine ndi Filimoni tinaphimba maso ndi mikono.

"Ayikona," anatero Che Useni. "Chifunga chomwe chija. Wasintha mababu iwe."

"Ine? Mwandiimirira pamsana ngati kapitawo, ndasintha nthawi yanji?"

"Manja a makaniko ndimawadziwa. Chotsa ndione."

Filimoni anazimitsa injini, namasula nyali yakumanzere, nagwira babu lotentha ndi chiguduli. "Nachi chizindikiro chanu. Onani!"

Che Useni sanalione. Analiuzira kuti lizizire, nayendetsa chikhadabo kutsinde mpaka chinakodwa pokandidwa paja. Nkhope yawo inali chakufupi ndi nyali inayo, imene inali ikuyakabe, ndipo sanaphethire n'komwe. Pakati pa diso, pamene payenera kuda, panali potuwa ngati madzi otsukira mpunga. Diso linalo linali litayambanso.

Filimoni anasiya nthabwala. "Madala, si mababu. Ng'ala iyo."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe wandituma. Amayi anga anali nayo."

"Tsegula chitseko."

Anatuluka n'kukakhala pa tayala lakutha. Ndinawatsatira, ndipo ndinawafunsanso za ubweya uja. Anati anali bulu, chakumadzulo, pafupi ndi mtsinje. Sanamuone mpaka anamva kugunda. Mwini wake anamulipira mwakachetechete. Mfuti sanagwirepo chibadwire, ndipo nyama yosazinga bwino sadya.

"Tiyeni kwa dokotala, malume."

"Iwe sunatsikepo pansi," anatero. "Mnzanga Jobu tinkagona naye chipinda chimodzi kukomboni. Anangokhosomola pamzere. Dokotala anamumvera pachifuwa, n'kulemba kapepala, sabata isanathe anali pa lole ya ku Nyasalande ndi bulangete limodzi. Munthu wa mgodi sadwala pamaso pa dokotala. Akakulemba dzina, wapita."

"Mgodi munasiya kalekale."

"Chitupa ndi chomwecho. Laisensi ndi yomweyo. Onsewo amadyera mbale imodzi."

Dzuwa linali litapendeka, ndipo ndinakana kukwera. Tinagona kwa Filimoni, Che Useni batire ili kumutu. M'mawa tinabwerera pang'onopang'ono, ine ndikuwauza pamene mzere wa phula wakhota. Njira yonse ankatsata zimene ndinkanena.

Mai Tabitha, akazi awo, ndi a mpingo wa Chipresibateria ndipo salankhula mozungulira. Anatimvera akusenda mtedza pakhonde.

"Ndiye mwadziwa lero? Bambowa mwezi watha anapereka moni kwa mgolo wa madzi."

"Unali ndi chipewa pamwamba," anatero Che Useni.

"Chinali chivundikiro." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe mwanawe, ukufuna chiyani? Galimoto kapena munthu?"

"Zonse ziwiri, mayi. Galimoto sinditha kuyendetsa, ndipo msewu wa ku Sanyati uli m'mutu mwawo."

"Wamva?" anatero Che Useni. "Wayamba ndi galimoto."

Ndinawauza zimene ndinamva kwa ogula anga, kuti pa chipatala cha mishoni ku Sanyati pali dokotala amene amaona maso, ndipo si wa mgodi kapena wa boma. Ngati ng'alayo amachotsa pomwepo kapena amatumiza kwina, sindikudziwa. Che Useni anafunsa ngati amalemba mayina. Ndinati chipatala chilichonse chimalemba. Anapukusa chipewa chawo choluka pa bondo.

"Dzina ndipereka la agogo anga," anatero. "Chitupa chitsala kuno. Ndipo iwe ukaphunzira kuyendetsa, ine ndikhala pambali pako ulendo uliwonse. Makiyi agona kwa ine."

"Ndi batire yomwe, malume."

"Usaseke. Sindinakukhulupirire."

Mababu atsopanowo ali m'nyali, koma tagwirizana kuti sitiyendanso dzuwa likalowa. Izi zitanthauza ulendo umodzi pa sabata m'malo mwa uwiri, choncho nkhuku ndisiya, ndizinyamula mtedza wokha, umene sufa panjira. Lolemba ndikafunsa ku ofesi za laisensi yophunzirira. Lachinayi tinyamuka dzuwa litatuluka, Mai Tabitha akhala pakati, ndipo tisanatsitse mchere tiyamba taima pa chipatala.