Dzino la Ababa Padenga

Dzino la mwana wanga laguluka lero, ndiye ndakumbuka ababa.

Atabwerako ku India, komwe anawaika mafuta a m'mafupa ochokera kwa azakhali, m'kamwa mwawo munauma gwa. Adokotala ankati magazi atsopanowo akulimbana ndi thupi lawo. Mano anayamba kuwola.

Tsiku lina akusoka ukonde kwathu ku Senga Bay, analuma ulusi, dzino n'kuguluka. Ndinalitola n'kuliponya padenga, monga tinkachitira ndi athu.

“Musadandaule ababa, limera lina!”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Zikomo adokotala.”

M'mawa uliwonse ndinkawayasamitsa n'kusuzumira. Iwo ankangoti, “Layandikira, eti?”

Pano ndikudziwa kuti zilonda za m'kamwa zinkawapweteka akamayasama, koma sanandikanirepo ngakhale tsiku limodzi.