Amene Ankalemba Bulogu ya Banja la a Luhanga

A Isabella Chavula, omwe anthu a m'chigwa cha Henga amangowatchula kuti a NyaChavula, anabadwa mu 1953. Bambo awo anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndipo agogo awo aamuna, a Hezron Chavula, anali mmisiri woumba ndi kuwotcha njerwa. A NyaChavula anatsata bambo awo, nkuphunzitsa Sitandade 7 kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anakwatiwa ndi a Manasseh Luhanga, amene ankapereka mankhwala pawindo la chipatala ndipo anali mkulu wa mpingo. Anabereka ana atatu, onse aakazi.

Pakhomo pawo panali pa malamulo. Mapemphero ankayamba tambala asanatsike mumtengo. Lamulungu wailesi inkatsegulidwa pa nthawi ya ulaliki yokha. Boma litalola kuti akazi azivala mathalauza, ana a a Luhanga anapitiriza kuvala masiketi ofika m'akakolo. Anthu akunja ankaganiza kuti wouma mtima ndi bamboyo, koma oyandikana nawo ankadziwa kuti malamulo ambiri anaika ndi mayi. A Manasseh anali munthu wofewa, wokonda kuseka ndi kuweta nkhunda.

Chimene a NyaChavula ankakonda kuposa zonse chinali malo akale. Pa tchuthi chilichonse ankanyamula kope ndi ambulera nkupita kukaona manda a alaliki oyamba, misewu ya miyala imene ankadutsamo amtengatenga, ndi ng'anjo zosungunuliramo chitsulo za kumapiri. Atapuma pantchito mu 2013, makope oterewa anali atadzaza katoni.

Mwana wawo woyamba, Mtende, namwino wa ku Mzuzu, ndi amene anabweretsa nzeru ya bulogu. Anawagulira foni yaikulu, nawatsegulira tsamba pa intaneti.

"Tilembe dzina lanu pamwambapa, amama," anatero Mtende.

"Ayi, kumeneko nkudzitama. Lemba kuti Banja la a Luhanga."

Mtende analemba choncho, nkuikapo chithunzi cha banja lonse chimene anajambulitsa pa Khirisimasi. A Manasseh anali atakhala pampando atavala suti, chifukwa bondo linkawavuta. A NyaChavula anaima kumbuyo kwawo atamanga duku loyera, ana atatu aja ali m'mbali. Palibe amene ankamwetulira, poti dzuwa linkawathobwa m'maso.

Zaka ziwiri zoyamba zinayenda phee. Netiweki inkapezeka pafupi ndi chigafa cha fodya cha oyandikana nawo, ndiye masana alionse a NyaChavula ankanyamula mpando wawo kupita kumeneko nkumalemba ndi chala chimodzi. Nkhani imodzi inkawatengera sabata. Owerenga anali ochepa, aphunzitsi anzawo akale ndi achibale a ku Lilongwe.

Mu 2016 munthu wina anatenga chithunzi cha banja chija nkuchiponya pa gulu lina la pa Fesibuku, ndi mawu akuti, "Taonani anthu amene adakali mu 1950." Pa masiku atatu ndemanga zinasefukira pa bulogu. A NyaChavula anasangalala poyamba, poganiza kuti anthu awerenga nkhani ya ng'anjo imene anali atangoika. Anakayenda masiku awiri kumapiri kuti aipeze nkhaniyo. Koma atayamba kuwerenga ndemangazo, anapeza kuti zinali za chithunzi chija.

"Mayiwo akuoneka kuti sanasekepo chikwatiwire," analemba wina.

"Bambo ali tayale pampando, mkazi ali chilili ngati wantchito. Amayi, thawani!"

"Atsikanawo ndi okongola koma avala makatani."

Panalinso ena oikira kumbuyo banjalo, koma nawonso sanawakondweretse. "Abambo Luhanga, Mulungu akudalitseni, mumalemba mwanzeru ndipo mwaweta bwino nyumba yanu." Wina wa mpingo wina anadzudzula kuti mkulu wa mpingo sayenera kulemba za ng'anjo, chifukwa osula akale ankathira nsembe kwa mizimu. Awiri anakangana mpaka ndemanga makumi anayi pa nkhani yoti bulogu ya munthu wa ku Rumphi iyenera kukhala m'Chitumbuka kapena m'Chichewa. Za ng'anjo zenizenizo, kutalika kwake, dothi lake, mayina a mabanja amene ankasula, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa.

Anabwerera kunyumba mpando uli kumanja, nkupeza amuna awo akumwaza chimanga pakhola la nkhunda.

"Awiske Mtende, anthu akuti mumandizunza," anatero, poitana amuna awo m'Chitumbuka kuti bambo ake a Mtende.

"Ine?" A Manasseh anaseka mpaka kugwira mtengo wa khola. "Auzeni abwere adzaone amene amazunza mnzake."

"Si zoseka. Ena akuti mumalemba mwanzeru."

"Amenewo ndiye akunena zoona, anyina Mtende."

A NyaChavula sanaseke. Chimene chinawapweteka kwambiri chinachitika patapita milungu iwiri, ali limodzi ndi amuna awo pa boma la Rumphi. Bambo wina wovala tayi anawaimitsa, nagwira dzanja la a Manasseh ndi manja awiri, nkuwayamikira chifukwa cha mbiri imene akusunga. A Manasseh anangothokoza kuti, "Yewo chomene, dada," osawonjezera kanthu. M'minibasi pobwerera mayiwo anayang'ana pawindo ulendo wonse.

Akanatha kungolemba kuti wolemba ndi iwo. Mtende anawauza kangapo. Koma iwo ankaona kuti kutero nkuvula amuna awo pagulu, ndiponso nkugonjera anthu amwano. Ankakhulupirira kuti nkhani ikakhala yabwino, anthu adzasiya kuyang'ana duku nkuyamba kuwerenga.

Choncho mu 2017 analemba nkhani imene anaisunga mumtima zaka zonse, ya tchalitchi chakale cha pa Katondo. Chinamangidwa mu 1934 ndi njerwa zimene anawotcha agogo awo. Mpingo unasamukira m'tchalitchi chatsopano kumsewu, ndipo chakalecho chinatsala m'tchire, denga litagwa, makoma anayi ali chiimire. A NyaChavula anayeza makomawo ndi chingwe. Anajambula njerwa zokhala ndi chilembo cha H chimene a Hezron ankadinda ndi msomali. Anajambulanso mwala waukulu wafulati umene unali kutsogolo, pamene pankakhala beseni la ubatizo. Pomaliza anafotokoza njira yonse, pokhotera kuchoka pamsewu, mtsinje woti uwoloke, mtengo wa mkuyu woti uzungulire. Ankayembekeza kuti ana a m'deralo amene ali m'tauni akhudzidwa, abwere adzaone, mwina nkufoleranso denga, ndipo chiyembekezochi anachilembanso m'nkhaniyo.

Ndemanga yachinayi inachokera kwa munthu wodzitcha Greyson wa ku Joni.

"Akuluakulu, mwalawo mwauona? Azungu sankaika mwala wotere pachabe. Pansi pake pamakhala mphika wa marupiya, ndalama zakale za Ajeremani. Mdalayu akudziwa, nchifukwa chake akufuna denga, kuti azikumba mobisa."

A NyaChavula anayankha nthawi yomweyo, mwaulemu. Anafotokoza kuti pa Katondo sipanakhalepo mzungu, kuti tchalitchicho anamanga ndi alimi osauka, ndipo mwalawo unachokera kumtsinje pa chileyi cha ng'ombe. Wina anayankha kuti, "Mdala wayamba kutentha, ndiye kuti zilipo." Anayankhanso kachiwiri, kachitatu, natchula tsiku ndi tsamba la buku limene bambo awo analembamo za tchalitchicho. Mayankho awo anamira pansi pa nthabwala ndi tizithunzi ta nkhope zoseka.

Anaimbira Mtende. "Fufuta zimene walemba munthu uyu."

"Ndafufuta, amama, koma anthu ajambula kale. Zikuyenda pa Watsapu. Ngakhale kuntchito kuno andionetsa."

"Ndiye uwauze kuti ndi bodza!"

"Ndiuze ndani, amama? Ndi anthu masauzande."

Mvula itayamba mu Disembala, a Elias Mfune, amene ankalima pafupi ndi tchalitchi chakalecho, anafika pakhomo m'mawa matope ali m'miyendo. Anakana mpando. Anangoti, "Tiyeni mukaone."

A NyaChavula anatsogola, amuna awo akutsimphina m'mbuyo. Anapeza mwala uja utagubuduzidwa, utasweka pakati. Pamalo pake panali dzenje lofika m'chiuno. Okumbawo atalephera kupeza kanthu anatsata khoma la kum'mawa, nkumafukula pansi pa maziko, ndipo mvula inamaliza ntchitoyo. Khoma lonse linali pansi. Pambali panali mabotolo a kachasu ndi mpini wothyoka wa piki.

A NyaChavula sanalire. Anatola njerwa imodzi, naipukuta ndi nsonga ya chitenje, nkuibwezera pamulu. Kenaka anafunsa a Elias ngati anawaona anthuwo.

"Kwabwera magulu atatu sabata ino, mama. Ena pa njinga zamoto. Ankati akutsata njira imene analemba a Luhanga."

Sabata yotsatira akulu a mpingo anaitana a Manasseh ku seshoni, bwalo lawo lokambira milandu, kuti akafotokoze. A NyaChavula sanaitanidwe, koma anapita, nkukhala pabenchi ya pakhonde. Zenera linali lotsegula. Anamva mkulu wina akunena kuti a Luhanga aika malo opatulika pamsika. Anamva amuna awo akupepesa, akuti sanaganize bwino polemba. Pamenepo anaimirira, nagogoda, nkulowa asanayankhidwe.

"Pepani abusa, pepani akuluakulu. Amene analemba ndine. Nkhani zonse, kuyambira yoyamba."

Abusa, munthu wachinyamata wochokera kumwera, anamwetulira mwachifundo.

"Amayi, tikumvetsa chikondi chanu. Koma musadzisenzetse katundu wa amuna anu."

"Si chikondi, abusa. Ndaphunzitsa theka la anthu ali muno. Inu a Khonje, amene anakuphunzitsani kulemba kalata ndani?"

A Khonje anayang'ana pansi. Mkulu wina ananong'ona kuti mayi akuteteza banja, nzabwino. A NyaChavula anatulutsa foni m'chikwama nkuiika patebulo pamaso pa amuna awo.

"Awiske Mtende, tsegulani. Aonetseni bulogu yanu."

A Manasseh anaitembenuza foniyo uku ndi uku. Anadina pambali, inalira, anaibweza msanga ngati yotentha.

"Akunena zoona," anatero motsitsa mawu. "Ine ngakhale poyatsira sindipadziwa. Ndinangokonda kuyamikiridwa."

Ena anaseka, ndipo mlanduwo unapepuka pomwepo. Izi zinawakwiyitsanso a NyaChavula. Pamene ankaganiza kuti wolemba ndi bambo, inali nkhani yaikulu yofuna seshoni. Atadziwa kuti ndi mayi, inasanduka kulakwitsa kwa munthu wosadziwa za intaneti. Anawalangiza kuti asamalembenso za malo a mpingo osapempha chilolezo. Kenaka anagwirizana kuti makoma otsalawo agwetsedwe, chifukwa akanatha kugwera ana okatola nkhuni, ndipo njerwa zake amangire khitchini ya kunyumba ya abusa.

A NyaChavula anachonderera kuti asiyeko khoma lakutsogolo lokha, la khomo lokhota pamwamba. Anapita kwa abusa katatu, nalemba kalata ya masamba awiri. Pamapeto pake analisiya, osati chifukwa cha kalatayo, koma chifukwa njerwa za makoma enawo zinakwanira.

Mu Januwale anauza Mtende kuti achotse chithunzi cha banja, ndipo pamwamba alembe kuti Isabella Chavula Luhanga, mphunzitsi wopuma. Analemba nkhani yofotokoza zimene zinachitika pa Katondo, mosabisa mawu. Anatchula Greyson wa ku Joni, namufunsa ngati ali ndi agogo, ndiponso ngati agogowo anasiyako kanthu koti anthu akaphwanye. Greyson sanayankhe, ndipo sanaonekenso. Khamu lija linali litasamukira ku nkhani zina. Panabwera ndemanga khumi ndi imodzi. Zitatu zinali za anthu otsatsa mankhwala ochepetsa thupi. Ina inati, "Amayi, mwayesetsa, koma auzeni abambo ayambirenso kulemba. Iwo aja ankafika pansi pa nkhani."

Tsiku limenelo anatseka malo a ndemanga. Kwa miyezi inayi sanalembe chilichonse, ndipo a Manasseh ankayenda mosamala m'nyumba, akudzipangira okha tiyi.

Anayambiranso m'nyengo yozizira, ndi nkhani ya doko lakale la kufupi ndi Chiweta. Mpaka lero amalemba, nkhani imodzi pa mwezi maso akalola. Koma salembanso njira. Pansi pa nkhani iliyonse pamakhala mawu akuti wofuna kuona malowa afike kunyumba kwa wolemba. Obwera ndi ochepa, ana a sukulu za ukachenjede ndi aphunzitsi. Amawakhazika pakhonde, amawafunsa kwawo ndi chimene akufuna, ndipo akakhutira amawaperekeza okha.

Chaka chatha kunabwera amuna awiri pa galimoto yoyera, olankhula mwaulemu kwambiri. Anati ndi ofufuza mbiri, akufuna kuona manda a alaliki oyamba. A NyaChavula anawapatsa madzi, namvetsera, kenaka anapempha kuti aike ambulera yawo kumbuyo kwa galimoto. Woyendetsa anazengereza, koma anatsegula. Munali mafosholo awiri, nyundo yaikulu ndi chingwe.

"Izi nzofufuzira mbiri?" anafunsa.

"Msewu ndi woipa, mama. Timatitimira."

"Ndiye bwererani msanga mvula isanayambe. Manda amenewo ndaiwala kumene ali, ndakalamba."

Anatenga ambulera yawo, natolera makapu, nkuima pachipata mpaka galimotoyo inakhotera kumsewu waukulu.