Penshoni ya a Thole Ili Pachibwano

Aliyense amene anafunsapo njira ya kunyanja pa Chintheche ayenera kuti anaonapo malume anga, a Ackson Thole. Amakhala pakhonde la nyumba yawo kumunsi kwa msika, akuluka mipando ya nsungwi, ndipo amadziwika ndi ndevu zaimvi zofika pachifuwa. Ine Winston, mwana wa mlongo wawo, ndikulemba za iwo chifukwa ndevuzo zinatsala pang'ono kulepheretsa ukwati wa mwana wawo, komanso chifukwa ndili ndi mfundo pa nkhaniyi zimene sindinapatsidwe mpata wozimaliza.

Unyamata wawo wonse a Thole anautsiriza akuperekera zakudya pa loji ina cha ku Kande. Lamulo la pamenepo linali lakuti chibwano cha woperekera zakudya chizisalala ngati mbale. M'mawa uliwonse ankameta ndi madzi ozizira, kenako kapitawo ankawayendetsa chala patsaya asanawalole kunyamula thireyi. Tsiku limene anapuma pa ntchito, ulamuliro wa zipani zambiri utangokhazikika, anakwirira lezala m'munda wa chinangwa.

"Anzanga anapatsidwa njinga, ena malata," ankatero akusisita chibwano. "Ine penshoni yanga ndi iyi."

Tsono kwathu kuno mwamuna amalemekezeka ndi kudzisamala. Angagone ndi njala, koma kolala ya malaya ikhale yosita. Ndevu zitadutsa pakhosi, anthu anayamba kunong'onezana. Ena anati mkuluyu wayamba fodya wamkulu, ena anati mutu sukuyenda bwino. Eni ake sanalabadire, mpaka pamene mwana wawo Lucy anafunsiridwa ndi Fraser, mphunzitsi wofatsa wa ku Bandawe. Fraser analeredwa ndi azakhali ake, mayi Edith Manda, ndipo sankatha kusuntha mwendo popanda chilolezo chawo. Mayi Manda ananeneratu kuti satuma thenga, munthu wokayambitsa nkhani ya ukwati, kunyumba kumene mwini wake amaoneka ngati wangotuluka kumene m'tchire. Misala, iwo anati, imayenda m'magazi, ndipo imayambira pachibwano.

Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku koleji ku Zomba, digiri m'sutikesi, ntchito ndisanaipeze. Ndinaona kuti nkhaniyi ikufuna munthu wodziwa kusanja mfundo, choncho ndinapita ku Bandawe. Ndinawapeza mayi Manda akuanika makaka a chinangwa pathandala.

"Ama," ndinayamba, monga timaitanira amayi kwathu, "choyamba, ndevu ndi tsitsi chabe. Sizilumikizana ndi ubongo."

"Zimamera kumwendo?"

"Ayi, ama, koma..."

"Ndiye zimamera kumutu. Pitiriza."

"Chachiwiri, azungu amene anabweretsa mpingo kuno ku Bandawe anali ndi ndevu zazikulu. Zithunzi zawo munaziona."

"Anthu osiya kwawo, kuwoloka nyanja zonse zija kudzafa ndi malungo pano. Mulungu awadalitse, koma usandiuze kuti azakhali awo anavomereza."

"Chachitatu..."

"Mwana wanga, iwe wameta bwino, ukuoneka waulemu. Nyamulako lichero ilo."

Ndinanyamula lichero, ndipo mfundo yachitatu ndinabwerera nayo kunyumba.

Lucy sanawapemphe kanthu bambo ake. Anangosiya kuimba posinja, ndipo pa nyumba ija, pamene mayi ake anamwalira kale, nyimbo yake ndiyo inali phokoso lokhalo. A Thole anapirira chete ameneyo kwa kanthawi, kenako anandiitana pakhonde.

"Iwe Winston, kagule lezala. Usatenge mmodzi, sakwanira. Ukauzenso mayi aja abwere adzamwe tiyi, adzadzionere okha."

"Asibweni," ndinatero, monga timaitanira amalume kwathu, "mukameta ndiye kuti mwavomereza maganizo olakwika."

"Maganizo sakwatiwa. Thamanga."

Tsiku la tiyi mayi Manda anafika ndi Fraser, amene anakhala pakona manja ali pakati pa mawondo. Chitseko cha kuchipinda chitatseguka, tonse tinatembenukira komweko. Munatuluka munthu wa nkhope ya mitundu iwiri: kumwamba yakuda ndi dzuwa, kumunsi yotuwa ngati chinangwa chosenda. Anavala malaya oyera, kansalu kopinda kali pamkono. Ngakhale kayendedwe kanali kachilendo, kofewa, kosamveka mapazi.

Mayi Manda atati akhale, a Thole anakoka mpando kumbuyo kwawo mwaulemu wonse. Mayiwo, poganiza kuti akulandidwa mpando, anaugwira ndi manja awiri. Atakhazikika, a Thole sanakhale pansi. Anaima kuseri kwa phewa la mlendo, manja kumbuyo, maso kukhoma. Mayi Manda akangomwa pang'ono, iwo ankawerama n'kudzazanso kapu. Atangoika sipuni pansi kuti apume, mbale ya chinangwa chophika inachotsedwa, tebulo n'kupukutidwa.

"Tiyi ali bwino, mayi?" anafunsa ndi mawu apansipansi.

"Ali bwino."

"Zikomo, mayi. Shuga wakwana, mayi?"

Mayi Manda anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, kenako anakodola Lucy kuti amufunse za bambo ake. "Iwe, ada ako amatero masiku onse?"

"Ayi, ama. Ayamba lero m'mawa, atangometa."

"Ada Thole, khalani pansi. Nyumbayi ndi yanu."

"Pepani, mayi. Chibwano chikakhala chonchi, mawondo sapindika pamaso pa mlendo. Anazolowera."

"Nanga munthu uja ndinkamuona pakhonde, woseka mpaka kumveka kumsika, ali kuti?"

"Tamusesera kudzala, mayi. Nkhuku zikumufukula."

Fraser anatsamwa ndi tiyi. A Thole anafika pomwepo ndi kansalu.

Mayi Manda anasuzumira m'kapu imene sinkatha. Kenako anafunsa ngati munthu wofunsa za mbewu. "Zimachedwa kumera?"

"Zimatengera mtendere wa mumtima, mayi."

"Thenga abwera Loweruka. Koma ukwati udikire kaye, ziphukeko. Sindingakhale ndi asewere oima kumbuyo kwanga ngati mlonda. Fraser, patsa ada ako mpando."

A Thole anaonetsetsa mpandowo, anachotsa kansalu pamkono, anakhala, natambasula miyendo mpaka pansi pa tebulo. Kukhitchini Lucy anagwetsa chivundikiro, ndipo posakhalitsa tinamva akuimba.

Ukwati unachitika ndevu zitafika pa kolala. Ndinawafunsapo asibweni ngati zonse zija anachita dala. Anangondiyankha kuti lezala wachiwiri ndimusunge ine, popeza ndikufunafuna ntchito.

Maganizo anga sanasinthe. Ndevu siziulula khalidwe la munthu kapena mmene mutu wake ukuyendera. A Thole anali munthu yemweyo ndi ndevu, yemweyo popanda ndevu: bambo wosafuna kuti mwana wake asinje mwakachetechete. Chondidandaulitsa n'chakuti mayi Manda sanataye chiphunzitso chawo, anangochitembenuza. Tsopano amauza amayi anzawo kuti mwamuna wometa tsiku ndi tsiku ngofunika kumuyang'anitsitsa, chifukwa pali chimene akubisa. Fraser analamulidwa kusunga ndevu, ndipo mpaka pano wakolola timaweya tochepa pansi pa mlomo, timene apongozi ake amatiyendera Lamulungu lililonse n'kumulimbikitsa kuti asataye mtima.

Ine ndikapita ku Bandawe, mayi Manda amandiyang'ana pachibwano nthawi yaitali asanandipatse moni. Mfundo yachitatu ija ndikadali nayo.