Mbiri ya Tiyamike

Uthenga unandipeza m'chigafa ndikusankha fodya, manja ali bii. Mpongozi wanga anabwera chothamanga, foni m'manja, mpango utagwera panjira: "Amayi, Tiyamike wakhoza Folomu 4! Ndipo Histole ndiye wamenya kuposa zonse!" Ine fodya uko, chitenje m'chiuno, nthungululu mpaka agalu a tsidya lija anayankha. Wakhoza mdzukulu wanga, wakhoza mwana wamasiye, wakhoza ine!

Koma mwanayu anatsala pang'ono kusiya sukulu chifukwa cha liwu limodzi, liwu limene linandilumapo kalekale.

Ndikukumbukira ndili kamtsikana, makolo anga ali matenanti pa esiteti ina kufupi ndi Nkhamenya. Mkulu wanga Esinati ndiye ankatsogola m'kalasi mwawo, ine ndili Sitandade 2, wonyadira kumunyamulira mabuku. Tsiku lina mvula inamupeza panjira, mwana wa kapitawo nkumukweza panjinga. Basi, zinali zomwezo. Koma pachitsime nkhani inakula: "Esinati mbiri yake yaipa." Bambo atamva sanafunse Esinati, sanafunse mnyamatayo. Anangoti, "Sukulu yatha, nonse awiri. Mawa kumunda."

M'mawa mwake tikusoka fodya, Esinati ankalira osatulutsa mawu, misozi ikudonthera pamasamba. Mayi anayang'ana uku ndi uku, nanena chapansipansi: "Ana anga, mbiri ilibe miyendo, imachita kunyamulidwa. Mukadzaimva, muzidzafunsa amene wainyamula." Mimba imene anthu ankaidikira sinabwere. Sukulu nayo sinabwerenso.

Ndiye taonani, zaka zapita, imvi zamera, Tiyamike ali Folomu 3. Mnansi wathu akuchokera kumsika akuti, "Ndakumana ndi aphunzitsi a mdzukulu wanu. Akuti mupiteko, mbiri ya mwanayu sili bwino." Mayo ine! Malume ake, mwana wanga Yohane, anadumphira pomwepo: "Ndinkanena ine. Atuluke tisanachite manyazi. Fodya akufuna manja kuno." Ndinamva mawu a bambo anga akutuluka m'kamwa mwa mwana wanga.

"Dikira, Yohane," ndinatero. "Ndikafunse kaye."

Kusukulu ndinapeza mayi wamagalasi, choko chili mbuu pamalaya. Sindinazungulire.

"Aphunzitsi, musandibisire. Ndi ya miyezi ingati?"

"Miyezi ya chiyani, agogo?"

"Nanga si mwati mbiri yaipa?"

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. "Agogo inu! Ndimanena Histole, phunziro la mbiri ya dziko lapansi, za ku Ulaya, mafumu awo ndi nkhondo zawo. Mwanayu amaloweza mayina ngati nyimbo koma sakumva chimene chinachitika. Zinazo akukhoza bwinobwino."

Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo. Kuseka ndinaseka, kulira ndinalira. Kani ndi mbiri ya azungu! Imeneyo iipe, tiikonza.

Kunyumba ndinamuuza mwana, "Iwe, azungu akowo uzindifotokozera m'Chichewa, uku tikusoka." Anayamba: kalonga wina anawomberedwa ali m'galimoto, maiko nkuyamba kumenyana dziko lonse.

"Iii, maliro amodzi, dziko lonse nkhondo? Ayi, pamenepo panali chakukhosi kale. Wanena zimenezi ndani? Nanga enawo akuti bwanji?"

"Agogo, mukufunsa ngati mayeso!"

Ankapita kukafufuza, nkubwera nazo: maiko kupangana mobisa kuti wako mdani ndi wanga, kupikisana kusula mfuti, kulimbirana nthaka ya eni ake mpaka kuno kwathu.

"Kani ifenso tilimo?"

"Tilimo, agogo. Azigogo athu ananyamula katundu wa nkhondo imeneyo pamutu."

Kuyambira pamenepo buku lake la Histole silinalinso la alendo. Ankalitsegula yekha, osatumidwa, nkumakangana nalo.

Ine kalata ndimawerenga mochita kugwiragwira, koma ichi ndachimva tsopano: mbiri ya pachitsime ndi mbiri ya m'buku ndi pachibale, zonse zimafuna munthu afunse asanaweruze. Funso limodzi silinafunsidwe, atsikana awiri tinakalambira m'fodya. Funso limodzi ndinafunsa, mwana watsiriza sukulu. Mtima wanga uli m'malo, anthuni, uli m'malo!

Ndipo anthu anabwera kudzakondwera nafe, eee, anabwera! Anabwera anaBanda ndi lichero la mtedza. Anabwera aChisale panjinga yawo yopanda mabuleki, nkukaima mumpanda. Anabwera anaPhiri a ku Lisasadzi ndi gulu lawo loyimba, Agnesi ndi Loveness ndi Dorofe wa mawu aakulu. Anabwera aMwale, aZimba ndi akazi awo onse awiri, Yohane atanyamula tambala, aGondwe a ku Chisemphere akuti "Tawonga, tawonga," Madalitso, Chikondi, Limbani, Felesiya, ndi kakhanda ka Felesiya kamene sikanapatsidwebe dzina, nako kanabwera kumsana.